Agwidwa atamwa mowa pa chiwongolero ku Joni: avomere, adikire kapena athawe?

Achemwali ena andilembera kuchokera ku Johannesburg. Amuna awo amayendetsa galimoto yonyamula anthu ya Bolt. Anagwidwa pa rodibuloko Loweruka usiku, anauzira kachipangizo koyezera mowa, anatengedwa magazi, kenaka anatuluka pa belo ya polisi. Tsopano alangizi achuluka. Wina akuti angovomera, alipire, zithe. Wina akuti zotsatira za magazi zimachedwa ndiye mlandu udzafa wokha. Mlamu wawo akuti akwere basi abwerere kumudzi. Akufunsa kuti amvere ndani.

Achemwali, atatu onsewo musawamvere, makamaka mlamu wanuyo. Bambo akaphonya tsiku la khoti, majisitireti amatulutsa chikalata chowamangira, ndalama ya belo imapita kuboma, ndipo mlandu umakhalabe ukuwadikira. Ku South Africa mlandu ngati uwu boma lili ndi zaka 20 zoti liwuzenge.

Lamulo lake ndi gawo 65 la National Road Traffic Act ya 1996, ndipo muli milandu iwiri imene anthu amaisokoneza. Woyamba ndi kuyendetsa galimoto mowa utakusokoneza. Umenewu sufuna magazi. Umboni wa wapolisi woti munthu amadzandira, lilime limalemera, galimoto imayenda mokhotakhota, ukhoza kukwana. Wachiwiri ndi wa muyezo: magalamu 0.05 a mowa pa mamililita 100 a magazi, kapena mamiligalamu 0.24 pa mamililita 1,000 a mpweya. Koma kwa dalaivala wonyamula anthu polipiritsa, amene ayenera kukhala ndi PrDP (chilolezo chapadera choyendetsera galimoto ngati ntchito), malire amatsika kufika pa 0.02 m'magazi ndi 0.10 mu mpweya. Amuna anu ali m'gulu limeneli. Kwathu ku Malawi malire ndi 0.08, ndipo ambiri amapita ku Joni ndi nambala imeneyi m'mutu.

Zimandipweteka kumva abale athu akunena kuti "ndinangomwa imodzi". Imodzi yake iti? Botolo lalikulu la Black Label ndi mamililita 750, mphamvu yake 5.5 peresenti, ndiye kuti muli magalamu oposa 30 a mowa weniweni. Kwa mwamuna wa makilogalamu 70 amene sanadye, limodzi lokhalo likhoza kumudutsitsa pa 0.05, ndiye za 0.02 musakambe n'komwe. Chiwindi chimachotsa pafupifupi 0.015 pa ola, ndipo khofi, kusamba madzi ozizira ngakhale nsima yodya pambuyo sizichifulumizitsa. Munthu amene wagona pakati pa usiku ali pa 0.15 amadzuka 6 koloko m'mawa akadali cha pa 0.06, n'kukanyamula ana a eni opita kusukulu akuganiza kuti ndi matsire chabe. Ine ndikufuna bambowo atetezedwe bwino kukhoti chifukwa ndi ufulu wawo, koma sindinganene kuti chimene anachita n'chaching'ono. Akanagunda munthu n'kufa, bwenzi tikukamba za mlandu wopha munthu chifukwa chosasamala, ndipo a inshuwalansi akanakana kulipira ngakhale khobidi.

Za kuvomera msangamsanga, vuto lake si chindapusa. Lamulo limalola chindapusa kapena ndende mpaka zaka 6, ngakhale kuti wolakwa koyamba amene sanavulaze munthu kawirikawiri amapatsidwa chindapusa kapena chilango choimikidwa. Chimene chimasautsa ndi zotsatira zake. Gawo 35 limati laisensi iimitsidwe kwa miyezi yosachepera 6 ukalakwa koyamba, zaka 5 kachiwiri, zaka 10 kachitatu, pokhapokha utapereka umboni wolumbira wokhudza mlanduwo n'kukhutiritsa khoti. PrDP sangakupatse ngati unapezeka wolakwa pa mlandu wa mowa m'zaka 5 zapitazo, ndipo apa ngakhale chindapusa chovomera mlandu cholipira osaonekera pamaso pa majisitireti chimawerengedwa. Anthu amachilipira poganiza kuti ndi ngati tikiti ya liwiro, osadziwa kuti dzina lawo lalowa m'kaundula wa opalamula. Kupempha kuti lifufutidwe kumatheka pakatha zaka 10, malinga ngati chindapusa sichinapose R20,000. Kwa mlendo, mbiri imeneyi imatuluka pa kalata ya polisi imene amafuna pokonzanso pemiti.

Ndipo wina asakunamizeni kuti "pali munthu wathu angataye doketi". Doketi ndi fayilo ya mlandu ya kupolisi. Kupereka chiphuphu, kaya pamsewu kaja amati ka cold drink kaya kupolisi, ndi mlandu wina wolemera pansi pa lamulo la 2004 lothana ndi katangale. Ambiri mwa "anthu athu" amenewa amangodya ndalama basi.

Nanga za magazi?

Apa mlangizi wachiwiri uja, wonena kuti zotsatira zimachedwa, ali ndi kachoonadi pang'ono. Malabotale a boma oyeza magazi amakhala ndi ntchito younjikana, ndipo milandu ina imachotsedwa kaye m'kaundula wa khoti podikira zotsatira. Koma kuchotsedwa kaye si kupezeka wosalakwa. Zotsatira zikafika amatumiza samani, ndiye ngati munasamuka osanena, mudzangomva kuti bambo akufunidwa.

Chitetezo chenicheni chili m'mapepala. Loya wodziwa ntchito amayamba ndi nthawi: magazi akatengedwa pasanathe maola 2 chiimitsireni galimoto, khoti limaganiza kuti muyezo wake ndi womwe unalipo poyendetsa. Akadutsa maola 2, boma liyenera kutsimikiza lokha zimenezo, ndipo si zophweka. Kenaka amaona amene anatenga magazi, ngati anali dokotala kapena namwino wovomerezeka. Nambala ya chidindo chomatira botolo, ngati ikufanana pa pepala la namwino, m'buku la polisi ndi pa lipoti la labotale. Komanso ngati botololo linali ndi mankhwala a sodium fluoride oletsa magazi kusasa, poti magazi osasungidwa bwino akhoza kupanga mowa paokha. Kachipangizo ka m'manja ka pamsewu ndi kongosefera anthu. Makina a mpweya oti akhale umboni ali ndi malamulo awoawo, ndipo mu 2011 khoti lalikulu la Western Cape, pa mlandu wa Hendricks, linakana umboni wa makina a Dräger chifukwa cha zofooka ngati zimenezi. Zonsezi zikapezeka kuti zili m'malo mwake, loya woona mtima adzakuuzani kuti kuvomera n'kwanzeru, n'kuika mphamvu zake pochepetsa chilango kapena kupempha woimira boma pa milandu kuti bambo apite ku pulogalamu ya maphunziro ngati za NICRO, bungwe lothandiza opalamula kusintha khalidwe, zimene woimira bomayo amalola kapena kukana mwini wake.

Ndiye lero lomwe bambo alembe nthawi imene anaimitsidwa ndi imene anabayidwa jakisoni, asunge lisiti ya belo, ndipo asasainire kapena kulipira chilichonse. Tsiku la khoti afike m'mawa, apemphe womasulira Chichewa ndi loya wa Legal Aid South Africa ngati ndalama palibe, ndipo asayankhe mlandu loyayo asanaone kope ya doketi.