Achemwali a ku Area 25 akuopa Chingerezi cha ku Nairobi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Area 25. Asankhidwa kukachita maphunziro a masabata awiri ku Nairobi, koma akuti Chingerezi chawo n'chothyokathyoka, akuopa kukangokhala duu anzawo akuyankhula. Achemwali, mwandiponda pachilonda.

Ulendo wanga woyamba wokachita maphunziro kunja ndinakwera ndege pa Kamuzu ku Lumbadzi nditavala jekete yobwereka, mtima uli phaphapha. Masiku atatu oyamba ndinkakhala mpando wakumbuyo m'kalasi ndi Amalawi anzanga awiri. Ntchito yathu inali kuwerengera alawansi: tikapanda kudya mgonero, malata angati? Anzathu akupita kukadya limodzi, ife tili m'chipinda ndi buledi ndi tiyi wopanda mkaka. Ndinene poyera, nkhani ya alawansiyi yatipha. Ngakhale kuno ku Lilongwe, munthu amafika ku wekishopu, maso ali pa pepala losainira, zophunzira n'zachiwiri. Ine ndinali mmodzi wa iwo, ndipo malatawo sindinagule n'komwe.

Tsiku lachinayi ndikudandaula pafoni kuti ugali wawo ndi wouma ngati njerwa, mayi wina kumbuyo kwanga anaphulika kuseka. "Mwasowa nsima yapamtondo eti?" Anali wa ku Chipata, kungodutsa Mchinji pa Mwami apa. Anandikokera patebulo pawo, pomwe panalinso bambo wa ku Tete, ndipo Chinyanja chinayenda mpaka wa ku Kenya anapempha kuti timumasulire. Patebulo pomwepo ndinamva mnyamata wa ku Senegal akulimbana ndi Chingerezi kuposa ine, Chifalansa chikungolowerera, koma sankasiya. M'mawa mwake m'kalasi anafunsa mafunso atatu. Palibe anamuseka. Amene ankandiseka anali m'mutu mwanga mokha.

Zimene ndimagwiritsa ntchito mpaka lero sindinazitenge pa masilaidi. Mayi wa ku Chipata uja ndi amene anandikhazika pansi usiku wina n'kundionetsa kalembedwe ka bajeti pa Excel, kufufuta n'kuyambiranso mpaka magetsi a m'holo atazimitsidwa. Atamwalira malume anga, iye anali woyamba kutumiza chipepeso pa WhatsApp.

Tsono zoti muchite

Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndipo khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever musaiiwale. Musamakhale ndi Amalawi okhaokha. Funsani funso limodzi tsiku loyamba, lisanakule manyazi. M'chikwama ponyanimo tiyi wa ku Thyolo ndi botolo la Nali, kenaka muliike pakati patebulo nthawi ya nkhomaliro. Wa ku Kenya uja anathira ngati tomato sosi, misozi mbwee, ndipo pobwerera anandilanda botolo lonse.