Kudambo kuja dzalaniko mpunga, achemwali

Sabata yatha ndalandira kalata kuchokera kwa mchemwali wina wogwira ntchito ku Lilongwe. Amayi ake amusiyira munda wa kudambo ku Nkhotakota. Iye akufuna kulimamo mpunga, koma amalume ake akuti adzalemo chimanga chifukwa mpunga suthetsa njala. Akufunsa kuti amvere ndani.

Achemwali, mawu a amalume anuwo andikhudza pachilonda. Ine ndinakulira mu mpunga, ku Nkhotakota komweko. Tinkalima mpunga wa mtundu wa Faya. Mpunga ukayamba kucha, amayi ankatidzutsa kusanache kuti tikaingitse mbalame. Tinkamanga zitini pachingwe n'kumakoka, kukuwa mpaka mawu kutha, miyendo ili m'matope. Kusukulu tinkafika maso ali psuu. Kenako kumweta, kupuntha, kupeta, ndipo pofika Juni matumba ankadzaza kuchipinda mpaka ana kusowa poyala mphasa.

Matumbawo sankakhalitsa. Mavenda ankabwera ndi ndowa zawo, zina zochita kukhomedwa pansi kuti zilowe zambiri, n'kugula mpunga wosapuntha pa mtengo wozizira. Amayi ankagulitsa pafupifupi wonse, poti fizi ikudikira, ngongole ya aganyu owokera ikudikiranso. Pofika Januwale ife alimi a mpunga tinali pamsika kugula ufa wa wokumani. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ngakhale tsiku limene tadya mpunga wokhuta, bambo ankati tagona ndi njala. Opanda nsima sanadye.

Maganizo amenewa si a bambo anga okha, dziko lonse limaganiza choncho. Tikati chakudya timatanthauza chimanga. Zipangizo zaulimi zotsika mtengo za pulogalamu ya boma ya AIP zinkalunjika kwambiri pa chimanga. Mvula ikadula, monga zinachitikira mu 2024 chifukwa cha El Niño, pamene boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28, tonse timayang'ana kunja kuti chimanga chichokera kuti. Koma nyanja tili nayo, Shire akuyenda usana ndi usiku. Ine ndafika ponena kuti dziko lodalira mbewu imodzi ya mvula silingadzidyetse, ngakhale feteleza atagawidwa waulere.

Ndipo sikuti sitinayesepo. Masikimu a mthirira a mpunga a Hara, Wovwe ndi Lufilya ku Karonga, Limphasa ku Nkhata Bay, Domasi kufupi ndi nyanja ya Chilwa ndi Muona ku Nsanje ndi a nthawi ya Kamuzu, pomwe akatswiri ochokera ku Taiwan ankaphunzitsa alimi kuwokera m'mizere. Ya Bwanje, ya mahekitala 800, inamangidwa ndi thandizo la Japan. Ku Lifuwu ku Salima kuli malo a kafukufuku wa mpunga. Vuto la sikimu ndi lakuti kumanga n'kosavuta kuposa kusamalira. Ngalande ikadzaza mchenga, wa kumtunda amathirira, wa kumunsi amangoyang'ana, kenako mkangano.

Apa ndipatuke pang'ono. Kilombero wa ku Karonga, amene dzina lake ndi la chigwa cha ku Tanzania, anafika pogulitsidwa mpaka ku Scotland. Azungu kumulipirira chifukwa cha fungo lake, ife kuno tikumusungira Khrisimasi ndi alendo. Mwana wa m'tauni akaona mpunga ndi nkhuku amafunsa kuti kwabwera ndani.

Tsono yankho lanu

Pitani mukauone mundawo mu Febuluwale. Ngati madzi amaima, chimanga chidzangochita chikasu, ndiye nkhani ya amalume yathera pomwepo. Pezani mbewu yosasakanikirana, fesani panazale, wokerani mbande zikadali zanthete, ndipo sungani padera ndalama ya aganyu opalira ndi oingitsa mbalame, chifukwa inu muli ku Lilongwe. Chachikulu, musagulitse pokolola. Inu muli ndi malipiro a pamwezi, amayi anga analibe. Umitsani bwino, sungani wosapuntha, ndipo mitengo ikakwera mupite nawo kuchigayo nokha n'kukagulitsa kwa anzanu a kuntchito. Matumba awiri musiye a pakhomo, thumba lina mukatule kwa amalume mu Januwale.