Mwafunsa za geni ya ku Joni, achimwene

Achimwene, mwati mwasunga kampamba ndiye mukufuna kudziwa mmene geni yokaoda katundu ku Joni imayendera. Chabwino. Koma ambiri amene amafunsa chonchi sapita kukaoda ayi, amapita kukatsala. Ndakwera nawo basi zaka 14, ndimawadziwira pa chikwama. Wageni amanyamula zikwama zikuluzikulu zopanda kanthu. Wokatchona amagwira kachikwama kamodzi, nambala ya mlamu wake atailemba padzanja.

Ndipo musawaseke, ndi amenewo amatidyetsa. Mukuganiza kuti ndalama ili mu nsapato ndi mabulangete? Imeneyo ndi ya mchere chabe. Ndalama yeniyeni ili mwa mnyamata wa ku Mangochi kapena ku Mzimba amene akuthirira maluwa kunyumba ya bwana, kapena akugwa ndi makina osokera usiku wonse. Masiku 30 amene anamudindira polowa anatha kalekale, akayenda mosasamala akadzukira ku Lindela kudikira kubwezedwa. Kumudzi sangapite. Ndiye firiji ya mayi ake, sola, njinga, wonyamula ndani? Ndine. Popita ndimamutengera usipa ndi mpunga wa Kilombero, pobwera ndimasenza thukuta lake. Firijiyo anaipanga ku China, yagulidwa ndi marandi a Mmalawi, ikukatsikira ku Makanjira. Ophunzira amati dziko lasanduka mudzi umodzi. Mudzi wanji woti uime pa Mwanza ndi Zobue, uwoloke Zambezi pa Tete, uimenso pa Nyamapanda, kenako ukagone pamzere ku Beitbridge?

Msewu umenewu si wa lero. Agogo anga anapita pa Wenela, kampani yolemba anthu okagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, ija inasiyira dzina depoti ya mu Blantyre. Ankanena za ndege imene inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu a kumigodi oposa 70 akubwerera kwawo, mpaka Kamuzu anayamba waimitsa ulendowo. Kenako m'malo mwa Wenela kunabwera TEBA, nayo inatha mu 1988. Nthawi imeneyo munthu ankapita ndi pangano, ndipo gawo la malipiro linkamudikira kuno kumudzi. Lero aliyense amapita yekha, pangano lake ndi mlamu uja.

Koma ndikuuzeni za Novembala 2023, chifukwa mpaka lero ndikaganiza mtima umathamanga. Ndinatenga katundu wochuluka kuposa ulendo wina uliwonse, theka pangongole kwa mwini sitolo amene ankandikhulupirira. Ngongole ya marandi, mumve bwino pamenepo. Makasitomala anga a ku Limbe anali atalipiriratu m'makwacha, pamtengo wakale. M'thilela momwemo munali katundu wa anyamata asanu ndi awiri, kuphatikizapo firiji ya mayi wina wodwala shuga amene ankafuna posungira mankhwala.

Tafika pachipata china, sinditchula, bwana wina wovala yunifolomu anatenga malisiti anga, kuwayang'ana ngati akuwerenga kalata ya maliro, n'kuti ndi abodza. Anali enieni! Anawapinda bwinobwino, kuwaika m'thumba la malaya, n'kuyamba kusenda nthochi. Ndinadziwa chimene ankafuna, kangachepe. Tsiku limenelo ndinadzimva, ndinati sindipereka kanthu pa katundu wolungama. Anatsitsa zanga zonse, basi inapita. Ndinagona pa makatoni masiku anayi, kusamba ndi madzi a m'botolo, iye akudutsa m'mawa uliwonse n'kumati, "Mwadzuka bwanji, abwana?"

Ndili pomwepo kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Dola imene inali cha m'ma K1,180 inafika K1,700. Chakudza sichiimba ng'oma. Msonkho amawerengera mtengo wa katundu posintha ndalama yakunja, ndiye unakwera ndili chikhalire pa katoni. Ngongole ya ku Joni inafufuma, pamene ndalama za makasitomala zinali zomwe zija. Ukawauza kuti awonjezere, amakufunsa kuti, "Tinagwirizana chiyani?" Ndinalowa katapila, ndinagulitsa puloti imene ndinali nditaumbira kale njerwa. Akazi anga anakhala mwezi akundiyankha ndi mutu wokha.

Mnyamata wa firiji uja ankaimba tsiku ndi tsiku, kenako anayamba kufalitsa kuti ndadya katundu wake. Sindimuda. Anagwira ntchito miyezi ingapo kuti agule chinthu chimenecho, ndipo sakanatha kubwera kudzandigwira pakhosi. Firijiyo ndinakaitula ndekha pakhomo pa mayi ake, yopanda ndi kokanda komwe, ndinajambula n'kumutumizira pa WhatsApp. Lero anyamata a m'dera lake lonse amatumiza kudzera mwa ine. Funsani aliyense pa Park Station, pokwerera mabasi ku Joni, sindinatayepo ngakhale supuni ya munthu.

Ndiye ngati mukulimbikirabe, musalandire makwacha pa katundu amene simunamulowetse m'dziko. Malisiti muzijambula pafoni musanapereke m'manja mwa munthu. Phukusi lomata la munthu wosamudziwa musanyamule, ngakhale alire kuti ndi mankhwala a agogo. Marandi musaike malo amodzi, ine ndimasokerera ena mu lamba. Mukamva kuti kwayamba zothamangitsa alendo ngati za 2008 ndi 2015, khalani kunyumba, chifukwa okwiyawo safunsa ngati ndinu wageni kapena wokhala. Za COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a mbali ino ya Africa, zochepetsa mapepala kwa amalonda ang'onoang'ono musazidalire pamsewu uno, South Africa sili m'bungwe limenelo.

Bwana wa nthochi uja ndinamuonanso chaka chatha, ali pampando womwewo, wanenepa. Anandipatsa moni ngati mnzake wakale, inenso ndinayankha, nanga ndikanatani, thilela inali m'manja mwake.

Za kuchuluka kwa mpamba mwafunsazo tidzakambirana. Kodi pasipoti yomwe muli nayo?