Funsani Aphunzitsi: Kodi ana a ku China amagona nthawi yanji?

FUNSO: Aphunzitsi, ndili ndi mwana wamkazi wa Fomu 4 amene alembe MSCE chaka chino. Alamu anga anandionetsa kanema pafoni wa ana a ku China akuthamanga pabwalo la sukulu kuli mdima, aliyense kapepala kali kumanja akuwerenga. Akuti kumeneko mwana amakhala pabuku maola 16 patsiku, n'chifukwa chake dzikolo linalemera. Wangayu ikangokwana 9 koloko wayamba kusinza. Ndiye ndayamba kumudzutsa 3 koloko usiku kuti aziviika miyendo m'beseni la madzi ozizira akuwerenga, monga tinkachitira ife. Koma akungoonda, ndipo masiku ano sandilankhula. Kodi za ku Chinazo n'zoona? Nanga ndikulakwa?
Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Mayi, alamu anuwo sanakunamizeni, koma nkhaniyo anaidula pakati.

Ndinakhala mumzinda wa Wuhan ku China zaka ziwiri ndikuwonjezera maphunziro a masamu, ndipo windo la chipinda changa linkapenyana ndi sukulu ina ya sekondale. Wotchi sindinkaifuna. Isanakwane 7 koloko m'mawa ndinkadzidzimuka ndi phokoso ngati njuchi zikusamuka: ana mazanamazana akuwerenga mokweza, aliyense zake, uyu ndakatulo zamakedzana za Chitchaina, uyo mawu a Chingerezi. Eni ake amati zaodu, kuwerenga kwa m'mawa. Akatero makalasi mpaka masana, chakudya, makalasi ena mpaka dzuwa kupendeka, chakudya chamadzulo, kenako kubwereranso m'kalasi kukachita wanzixi, yomwe ife a sukulu zogonera konko tinkati pulepu. Magetsi a m'makalasi ankazima cha m'ma 10 usiku. Pageti mumapeza makolo ndi agogo ali ndanda pa tinjinga tamagetsi, kudikira chimnyamata cha zaka 17 ngati mwana wa sukulu yamkaka. A chaka chomaliza ankabweranso Loweruka. Mukaphatikiza, maola 14 kapena 15 ali pasukulu amakwanadi.

Kanema munaonayo akufanana ndi zimene zimachitika pa sukulu ya Hengshui, m'chigawo cha Hebei. Kumeneko ana amadzuka cha m'ma 5:30, ndipo mphindi iliyonse ya tsikulo inalembedwa kale ntchito yake. Koma dziwani kuti ngakhale eni dziko amakangana nayo sukuluyi. Ena amaitama kuti imatulutsa ana a kumudzi n'kuwalowetsa m'mayunivesite akuluakulu a Peking ndi Tsinghua, ena amangoti ndi fakitale ya mayeso.

Chimawathamangitsa chonchi ndi gaokao, mayeso olowera ku yunivesite, amene nthawi zambiri amayamba pa 7 June. Mu 2024 analembetsa anthu 13.42 miliyoni, kuposa theka la tonse a m'Malawi muno. M'zigawo zambiri malikisi onse ndi 750, ndipo Chitchaina, masamu ndi chilankhulo chakunja chilichonse chimatenga 150. Pa chikhamu chotere, kutaya malikisi awiri okha ndiye kuti akudutsa anthu ambirimbiri. Ndipo asanafike apo amakhala atadutsa kale pa sefa ina, zhongkao, imene amalemba ali ndi zaka pafupifupi 15 kuti adziwike wopita ku sekondale yokonzekera yunivesite ndi wopita ku sukulu yaluso. Chikhalidwe choti mayeso ndiwo khomo si cha dzulo ayi. Mafumu a ku China ankasankha ogwira ntchito m'boma kudzera m'mayeso kwa zaka zoposa 1,000, mpaka mu 1905. Gaokao inaimitsidwa pa nthawi ya chipwirikiti cha ndale chotchedwa Cultural Revolution, ndipo itabwerera mu 1977 anthu anaithamangira ngati mvula yoyamba. Onjezeranipo lamulo la mwana mmodzi pabanja, limene linatha mu 2015: makolo awiri, agogo anayi, maso onse pa kamwana kamodzi. Tsiku la gaokao apolisi amapatutsa magalimoto, omanga nyumba pafupi ndi sukulu amaimitsa makina, amayi ena amavala diresi yachikhalidwe yotchedwa qipao n'kuima pageti tsiku lonse akuti n'kukoka mwayi.

Tsopano zimene alamu anu sanakuonetseni. Tsiku lina ndinaima pageti paja kuwerenga ana ovala magalasi, ndinalekera panjira chifukwa kunali kwapafupi kuwerenga osavala. Boma lenilenilo linalengeza kuti mu 2020 ana oposa theka anali ndi vuto losaona patali, ndipo m'makalasi omaliza a sekondale anali pafupifupi 80 mwa 100 alionse. Achinyamata a kumeneko ali ndi mawu awo, neijuan, onena za mpikisano umene aliyense amawonjezera thukuta koma palibe amene akusuntha, monga pabwalo la mpira wakutsogolo akaimirira ndiye kuti nonse muimirira koma kuona kwake n'komwe kuja. Mu July 2021 boma linalowererapo. Linaletsa homuweki yolemba kwa ana a sitandade 1 ndi 2, linati a sitandade 3 mpaka 6 isapitirire ola limodzi, a sekondale ya m'munsi isapitirire mphindi 90, ndipo linatseka bizinesi yophunzitsa ana maphunziro a m'kalasi mwapadera Loweruka, Lamlungu ndi patchuthi. Chaka chomwecho unduna wa zamaphunziro unati mwana wa pulayimale azigona maola 10, wa sekondale ya m'munsi 9, wa makalasi omaliza 8. Kutsatidwa kwake ndi nkhani ina, poti makolo ambiri amangoitanira mphunzitsi kunyumba mwakabisira. Koma taonani, mayi: eni ake akufunafuna poimira, inu mukufuna kukwera basi yomweyo.

Ndipo anawo masana amagona. Ichi chinandidabwitsa kuposa china chilichonse. Akatha kudya, sukulu yonse imati zii, makatani atseka, mwana aliyense mutu pa desiki, ena ali ndi kapilo kawo kosungira m'kalasi momwemo. Palinso nthawi imene nyimbo imalira pa chimkuzamawu, onse n'kutsinzina, kumasisita m'mbali mwa maso kwa mphindi zingapo. Wanuyo, amene akugona maola asanu kapena asanu ndi limodzi, masana ali m'kalasi, madzulo mwina ali pa mbaula, akupsinjika kuposa ana amene mukumuyerekeza nawowo. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri, ndipo mwana wa 3 koloko ndimamudziwa akangolowa: maso psuu, kope lodzaza, koma mukamufunsa zimene wawerenga usikuwo amangokuyang'anani. Madzi ozizira amatsegula zikope basi, mutu umakhala uli mtulo.

Ngati pali chinthu chimene ndinabwera nacho kuchokera ku China, ndi kope limodzi. Mwana wa mnzanga wina amene tinkaphunzira limodzi anandionetsa lake, amati cuotiben, kope la zolakwa. Funso lililonse limene analiphonya pa mayeso kapena pa homuweki ankalidula ndi sizasi n'kulimata m'menemo. Pansi pake ankalemba yankho lake lolakwika lija, osalifufuta, kenako njira yolondola, ndipo ndi cholembera chofiira ankalemba chimene chinamugwetsa: "ndinaiwala kusintha chizindikiro," "sindinawerenge funso mpaka kumapeto." Sabata ikatha ankaphimba mayankho n'kuyesanso. Funso limene walikhoza katatu ankalichonga, osabwererakonso. Anali ndi makope otere atatu, la masamu litatupa ngati Baibulo chifukwa cha guluu. Mayeso atayandikira sankagwiranso buku lalikulu, ankangowerenga zolakwa zakezo. Ife kuno mwana akalandira pepala lamalikisi ochepa amalipinda kanayi n'kulibisa pansi pa chikwama, pamene m'menemo ndi mmene muli zonse zimene sakudziwa.

Ndiye yankho la funso lanu lachiwiri ndi lakuti inde, mukulakwa, ngakhale mukutero chifukwa chomukonda. Beseni lija libwerere kochapira. Azigona 9 koloko monga thupi lake likufunira, adzuke 5 koloko, awerenge ola limodzi asanapite kusukulu ndi maola awiri madzulo, foni ili kwa inu. Mumupezere mapepala a mayeso a MANEB a zaka zapitazi, aziyankha ataika wotchi patebulo, ndipo chilichonse chimene waphonya chizilowa m'kope la zolakwa. Miyezi yatsalayi mumuchepetsereko zophika ndi zotsuka, abale ake agawane. Ana a ku Wuhan aja sankatsuka ngakhale supuni.

Poti mwati sakukulankhulani, Loweruka likubwerali mupite naye awiriwiri ku msika wa Limbe mukagule kopelo ndi cholembera chofiira. Asankhe yekha, ndipo pobwera musatchule za China.