Msonkho wathu bwanji osatsala konkuno?

FUNSO: Zikomo a Malume. Ine ndimagulitsa kachewere ndi kabichi kuno ku Ntcheu. Tsiku ndi tsiku ndimadula tikiti ya msika, ndikagula sopo kaya mayunitsi msonkho ulipo, lole yotinyamulira katundu ikafika pa Chingeni ilipirenso pageti paja, koma msewu wa kumunda kwathu mvula ikangogwa ngakhale njinga yamoto imakana. Mwana wanga akuti ku Nigeria zigawo zina zinavuta kuti msonkho wawo zizitolera zokha. Nanga ife osatero bwanji?
Mayi wa geni, Ntcheu

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo sakunama ayi. Mu 2021 khoti la ku Port Harcourt linagamula kuti chigawo cha Rivers chizitolera chokha msonkho wa VAT, uja timalipira pogula katundu, ndipo gavanala wake nthawi imeneyo Nyesom Wike sanachedwe kusainira lamulo lake, Lagos nayo inatsatira pompo. Dandaulo lawo ndi lanu lomweli, timasonkha zambiri koma pogawana tikulandira zochepa. Khoti la apilo linawauza kuti ayambe adikira kaye.

Komatu Nigeria ndi dziko la fedulo, zigawo zilipo 36 chilichonse ndi gavanala wake komanso nyumba ya malamulo yakeyake. Kwathu kuno boma ndi limodzi, VAT amatolera ndi a MRA, ndalama za pageti pa Chingeni ndi pa Kalinyeke ku Dedza zimapita ku Roads Fund Administration zokonzera misewu ya dziko lonse. Yomwe imalowa kukhonsolo yanu ndi ya tikiti ija.

Tsono apa ndikuuzeni zoona ngakhale zikuwaweni. Titati lero khonsolo iliyonse izidya zomwe yatolera, Ntcheu ingalire. Makampani akuluakulu, mabanki, a mafoni, onsewo malikulu awo ali ku Blantyre ndi Lilongwe ndipo msonkho amakhomera komweko ngakhale mayunitsiwo mwagula inuyo pa Lizulu, ndiye pamabuku zioneka ngati Ntcheu sisonkha kanthu pomwe kachewere wodzaza m'misika ya m'tauni akuchokera kwanu ku Tsangano. Aphunzitsi, anamwino, mankhwala a kuchipatala, zonsezo mungalipire ndi tikiti ya msika? Ku Nigeria komwe zigawo zosauka zinaikana nkhaniyi pa chifukwa chomwechi.

Sindikunena kuti mukhale chete, ayi ndithu, msewu wanuwo ukundipweteka nanenso chifukwa kabichi akachedwa pamsewu amafota, mtengo nkugwa. Ndipo ofuna fedulo, omwe anamveka kwambiri kumpoto chitatha chisankho cha 2014, ali ndi mfundo, ndalama zikamagawidwa ndi anthu okhala ku Capital Hill okhaokha madera akutali amaiwalika. Kungoti ife lamulo lopereka mphamvu ku makhonsolo tili nalo kale chiyambire 1998, vuto ndi loti mphamvuzo zinatsika koma ndalama zimabwera mochedwa komanso zochepa, mpaka tinakhalapo zaka zambiri opanda makhansala kufikira 2014. Ine nkhondo yanga ili pamenepo.

Yambani ndi chapafupi mayi. Tenganani a komiti ya msika mukakumane ndi khansala wanu, akuuzeni msika wanu umatolera zingati pamwezi ndipo zabwerera zingati, kenako nkhani ya msewuyo mukaitule ku makomiti a chitukuko, ya m'mudzi (VDC) ndi ya m'dera (ADC), ilembedwe, aphungu anunso muwafunse za ndalama ya chitukuko cha dera lawo (CDF) ya chaka chino yagwira chiyani.