Kodi usiku kiyi amasunga ndani?

Amayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwati mwana wanu wamkazi akukayamba sukulu yogonera komweko, ndipo mukufunsa kuti mungadziwe bwanji ngati adzakhala wotetezeka kukagwa ngozi. Ndimati ndikuyankheni mwachidule, koma mwandigunda pachilonda chakale.

Ndinali ndi zaka 15. M'chipinda chathu chogona tinalimo anyamata ambiri, mabedi osanjikizana, khomo limodzi lokha, mazenera onse otchinga ndi zitsulo. Usiku uliwonse mlonda ankabwera n'kukhoma loko kunja kuti tisamazembe. Ife tinkaona ngati ndi mmene sukulu imakhalira basi. Tsiku lina mnzathu ankawerenga ndi kandulo pokonzekera mayeso, tulo n'kumuba, matiresi n'kugwira moto. Ine lawi sindinalione. Chimene chinandidzutsa ndi kutsokomola. Utsi wa siponji ndi wakuda bii, umaluma m'maso, ndipo ukaukoka kawiri katatu mutu umayamba kuzungulira. Tonse tinathamangira kukhomo lija, kukankhana, kupondana, ena kumenya chitseko ndi nsapato, ena kuitana amayi awo. Mlonda anali kutali. Anatipulumutsa ndi mnyamata wina wamkulu amene anakumbukira ndowa ya madzi yomwe anabisa kunsi kwa bedi kuti asambe m'mawa. Pamene loko ankatsegulidwa, moto unali utazima kale.

Palibe anamwalira. Kutacha, amene analangidwa ndi mwini kandulo. Za loko palibe wamkulu aliyense anatchula, ndipo usiku womwewo anatitsekeranso. Mpaka lero ndikalowa m'nyumba yachilendo, maso anga amayamba afuna khomo.

Nditakula ndinadzamva kuti ife tinangochita mwayi. Mu 2001, pasukulu ya sekondale ya Kyanguli ku Machakos, m'dziko la Kenya, anyamata 67 anafera m'chipinda chogona chimene chinatenthedwa usiku. Khomo lina linali lokhoma, mazenera anali ndi zitsulo. Mu 2004 ku Kumbakonam, ku India, moto unayambira kokaphikira n'kugwira denga la udzu, ndipo ana 94 anamwalira chifukwa njira yotsikira inali yopapatiza. Mukamva nkhani zoterezi musamangoyang'ana amene anayatsa moto. Yang'anani chitseko. Moto umabuka pazifukwa zambirimbiri: waya wotha, kandulo, mphezi, mwana wokwiya. Koma anthu ambiri ofera m'moto wa m'nyumba amaphedwa ndi utsi lawi lisanawafike, ndiye mphindi iliyonse imene mwana akudikira kiyi, imfa ikumuyandikira.

Ndinene mosabisa: sukulu yotsekera ana kunja ndi loko siyenera kupatsidwa mwana wa munthu. Ndikudziwa zimene aphunzitsi amanena, akuti ana amathawa usiku, akuti akuba, akuti atsikana ayenera kutetezedwa. Nkhawa zimenezo ndi zenizeni, sindikuzinyoza. Koma pali zitseko zimene munthu wakunja sangatsegule pomwe wam'kati amangokankha n'kutuluka. Palinso njira yakale yosavuta, munthu wamkulu azigona m'chipinda momwemo, kiyi ali pamsomali umene mwana aliyense akuudziwa. Mwana wothawa usiku mudzamulanga mawa, wofera m'kati simudzamuonanso.

Chinanso chimene chimandiwawa ndi chitetezo chongoonetsera alendo. Chozimitsira moto chofiira chili pakhoma, fumbi lokhalokha, tsiku loti chiunikidwe linadutsa kalekale, ndipo palibe amene anachigwirapo. Ndondomeko yothawira ngozi inalembedwa bwino, koma ili m'kabati ya mphunzitsi wamkulu. Munthu akagwidwa ndi mantha sakumbukira pepala, miyendo imangothamangira kumene inazolowera. Ife tinathamangira khomo lokhoma chifukwa ndi lokhalo limene tinkalidziwa.

Ganizirani zimene zinachitika ku Japan pa 11 March 2011, chivomezi chachikulu chitautsa mafunde aakulu a m'nyanja otchedwa tsunami. Mumzinda wa Kamaishi ana asukulu pafupifupi 3,000 anapulumuka. Anali atayeserera kambirimbiri kuthawira kumtunda osadikira kuuzidwa, ndipo ana okulirapo ankagwira manja a anzawo ang'onoang'ono akuthamanga. Pasukulu ya pulayimale ya Okawa, ku Ishinomaki, ana anasonkhanitsidwa pabwalo n'kudikira pafupifupi mphindi 50 akuluakulu akukambirana kothawira, phiri lili kuseri kwa sukulu. Mwa ana 108, anamwalira 74. Aphunzitsi aja sanali anthu oipa, 10 mwa iwo anafera pomwepo. Kungoti funso loti tithawire kuti linali lisanayankhidwe tsikulo lisanafike. Ndiye mphunzitsi akandiuza kuti kuyeserera kumadya nthawi ya masamu, magazi anga amawira.

Zoti mukafunse

Musakathere muofesi. Kapempheni kuona chipinda chimene mwana wanu azigonamo, muwerenge makomo, muyese nokha ngati amatsegukira kunja, muone ngati pali zenera limene zitsulo zake zimatseguka. Kafunseni kuti usiku kiyi amasunga ndani ndipo amagona kuti. Kenako mupatuke mufunse mwana wa pasukulupo, osati mphunzitsi, kuti anayeserera liti kutuluka usiku, ndipo belu langozi likalira amakasonkhana pati. Akayamba kukanda m'mutu, yankho mwalipeza. Mufunsenso amene amanyamula kaundula wa mayina, chifukwa popanda kuitana mayina panja simungadziwe kuti wina watsalira m'kati, komanso ngati alipo wophunzira chithandizo choyamba amene amakhalapo usiku.

Mwana wanuyo mumuuze nokha musanamusiye. Muutsi akwawe, mpweya wabwino umakhala pansi. Asabwerere kukatenga chikwama kapena foni. Zovala zikagwira moto asathamange, agone pansi n'kugubuduzika. Akapsa, athire madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20, osapaka mafuta. Ndipo tsiku loyamba lomwelo, muli naye limodzi, awerenge mabedi kuchokera pa lake kukafika kukhomo, kenako atsinzine ayende njirayo inu mukuona.