Za a White Fathers: mvetsani kaye musanalembe kalata

Achimwene, mukufuna kulemba kalata yopempha kulowa kwa a White Fathers, chipani cha amishoni a mpingo wa Katolika, ndipo mwafunsa ngati moyo wawo ndi umodzimodzi ndi wa ansembe a dayosizi. Ayi, si umodzimodzi, ndipo amene akukuuzani kuti unsembe ndi unsembe basi akukusokeretsani. Wa dayosizi amatumikira kwawo pansi pa episkopi wake. Wa chipani ichi amalumbira kuti adzapita kumene atumidwe, kawirikawiri kunja kwa dziko lake. Mmalawi akhoza kukakalambira ku Mali kapena ku Congo.

Pamene Charles Lavigerie, arkiepiskopi wa ku Algiers, ankayambitsa chipanichi mu 1868, anawalamula kuti aziphunzira chilankhulo cha anthu, azidya zimene anthuwo akudya, azivala ngati iwo. Mkanjo woyera uja ndi chovala cha Aluya a ku Algeria. Koma lamulo limene lidzakukhudzeni tsiku ndi tsiku ndi lakuti pa nyumba asachepere atatu. Ankadziwa kuti mmishoni wokhala yekha amagwa msanga. Oyamba aja amene anafika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, n'kuchoka mu 1891 zinthu zitavuta, sanabwere mmodzimmodzi. A ku Mua mu 1902 chimodzimodzi.

Atatuwo simusankhana. Mukhoza kukhala ndi mkulu wa ku Ulaya wa zaka 75 ndi mnyamata wa ku Burkina Faso. Mumapemphera limodzi m'mawa ndi madzulo, kudya limodzi, kukhala pansi kugawana ntchito ndi kuwerengera ndalama za nyumba. Mikangano yake si ya chiphunzitso ayi. Ndi ya galimoto imodzi pamene nthambi zofuna Misa ndi zambiri, ya achibale obwera osanena, ya wina amene amangodzitsekera kuchipinda ndi foni. Zikapanda kukambidwa pa msonkhano wa nyumba zimaola, mpaka anthu kumadya pa tebulo limodzi osayankhulana.

Maphunziro ndi pafupifupi zaka khumi: filosofi ku Balaka, chaka chauzimu ngati ku Kasama ku Zambia, zaka ziwiri zautumiki kudziko lina kumene mumayamba chilankhulo ngati khanda, kenako theology, maphunziro a zaumulungu. Lumbiro la moyo wonse limabwera kumapeto, udikoni (gawo lomaliza munthu asanadzozedwe unsembe) usanachitike. Ndipo pa gawo lililonse aphunzitsi amakhala pansi kukambirana ngati mupitirire kapena ayi.

Apa ndi pamene pamapweteka, ndipo palibe amene amakuuzani musanapite. Mnyamata waphunzira zaka zisanu ndi chimodzi, akuitanidwa mu ofesi, akuuzidwa kuti njira yake si imeneyi. Akulongedza chikwama chomwe anapita nacho chija. Akutsika basi pakwawo ali ndi zaka pafupifupi 30, alibe ntchito, alibe ngakhale mpando, anzake a ku sekondale ali ndi mabanja. Lamulungu loyamba akulowa m'tchalitchi chomwe anamuperekezera ndi nthungululu, anthu n'kumagwedezana. Amene ankamutchula kuti "abambo" asanadzozedwe ndi omwewo akufalitsa kuti anamupeza ndi mkazi, kapena anaba ndalama, pamene sakudziwa kanthu! Amalume amene anapereka kambuzi pa tsiku lotsanzikana akufunsa kuti ndiye tapindulanji. A kumphakati, amene amapempherera maitanidwe sabata ndi sabata, palibe ngakhale mmodzi wopita kukamuona. Zimandinyansa kwabasi. Nthawi ya maphunziro inaikidwa dala kuti munthu ayesedwe, kubwerako si tchimo, koma ife akhristu timamuika m'manda ali moyo. Ena amasiyiratu kupemphera, osati chifukwa cha chipani, koma chifukwa cha pakamwa pa anthu a kwawo.

Ndiye musalole phwando lalikulu lokuperekezani. Uzani makolo poyera kuti mukukayesa, mwina mudzabwerako. Wina akakutchulani kuti abambo, mukanizeni. Sungani bwino satifiketi yanu ya MSCE ndi mapepala onse a filosofi, adzakuthandizani kupeza sukulu kapena ntchito. Achibale amvetsenso kuti ngakhale mutadzozedwa simudzakhala wolipirira ana onse a pamudzi fizi, ndalama za nyumba ndi za utumiki.

Komabe pitani, musachite mantha. Lemberani wansembe woona za maitanidwe, mupemphe kukakhala nawo pa nyumba ina masiku angapo, muone mmene amayankhulirana pa chakudya, osati pa guwa pokha. Mukalowa, musawabisire aphunzitsi kanthu, kaya ndi za mtsikana, kaya mkwiyo, kaya kulephera kukhala ndi anzanu. Inde, zimene munganenezo zikhoza kukubwezani kunyumba. Koma wobisa amadzaphulika atalumbira kale, ndipo ovutika amakhala awiri aja okhala naye ndi parishi yonse.